Masamba amkati a webusaiti yanu sakuoneka pa Google: mafunso ndi mayankho kwa a m'chigwa cha Shire

Mawebusaiti a kuno kumunsi akuchuluka. Malo ogona alendo a kufupi ndi Majete ndi Lengwe, magulu a alimi a mpunga ndi thonje, sukulu, mipingo, mabungwe othandiza pa ngozi za madzi ku Nsanje, ambiri tsopano ali ndi pawo pa intaneti. Koma dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi limodzi. Mukalemba dzina la bungwe pa Google, tsamba loyamba likutuluka bwinobwino, pomwe masamba amkati, momwe muli mitengo, katundu, malipoti ndi njira yofikira pamalopo, kuli zii. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa nkhani yeniyeni ili mkatimo. Wogula wa ku Limbe amene akufuna mbuzi sadziwa dzina la gulu lanu. Iye amangolemba kuti "mbuzi zogulitsa Ngabu", ndipo tsamba lomwe likanamuyankha ndi lamkati lija lomwe Google sinalisunge.

Kodi Google imadziwa bwanji kuti ndalemba tsamba latsopano?

Ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot yomwe imayendayenda pa intaneti usana ndi usiku. Ikafika pa tsamba imawerenga zolembedwa, n'kutola malinki onse ali pamenepo, n'kuwaika pamzere kuti idzawayendere nthawi ina. Choncho tsamba lanu limadutsa magawo atatu. Poyamba Google imve kuti adiresi yakutiyakuti ilipo. Kenako ibwere kudzawerenga. Pomaliza iganize ngati tsambalo n'loyenera kulowa m'kaundula wake. Munthu akalemba mawu pa foni, Google imafufuza m'kaundulamo, sithamangira ku webusaiti yanu nthawi yomweyo.

Tsamba lopanda linki yolozera kwa ilo lili ngati mudzi wa kutsidya kwa Shire nthawi ya madzi osefukira pomwe palibe bwato: anthu alimo, utsi ukufuka, koma woyendera sangafikeko. Mavuto ambiri a masamba amkati amayambira pamenepa.

Ndingadziwe bwanji kuti tsamba lalowa m'kaundula kapena ayi?

Njira yachidule ndi kulemba pa Google kuti site:dzinalanu.mw, osadumpha mpata pakati, ndipo m'malo mwa dzinalanu.mw muike adiresi ya webusaiti yanu. Zotuluka zikupatsani chithunzithunzi, koma nambala yomwe ingaoneke musaikhulupirire kwambiri, imakhala yongoyerekeza.

Njira yodalirika ndi Google Search Console, yomwe isanafike 2015 inkatchedwa Webmaster Tools. Ndi yaulere. Mumatsimikizira kuti webusaiti ndi yanu poika kafayilo pa seva (kompyuta yomwe imasunga webusaiti yanu), kapena kamzere m'mutu wa tsamba loyamba (chigawo choyambirira cha zolembedwa za kuseri, chomwe wowerenga sachiona), kapena kudzera komwe munagula dzina la webusaitiyo. Mukalowa, matani adiresi ya tsamba m'bokosi la pamwamba la URL Inspection, ndipo ikuuzani ngati tsambalo lili pa Google, tsiku lomwe Googlebot inabwera komaliza, ndi komwe inamva za tsambalo. Gawo la Pages limasonyeza masamba onse osalowa pamodzi ndi chifukwa chake.

Pempho langa pano n'lakuti akaunti imeneyi itsegulidwe ndi imelo ya bungwe kapena ya mwini bizinesi. Mnyamata amene anakupangirani webusaiti mumupatse chilolezo cholowa, koma umwini ukhale wanu. Achinyamata amasamuka, wina wapeza ntchito ku Lilongwe, wina wapita ku Joni, ndipo makiyi amapita nawo.

Tsamba loyamba likuoneka, amkati ayi. Vuto lili pati?

Yambani ndi malinki. Tsegulani tsamba loyamba ngati mlendo, ndipo yesani kufika pa tsamba losowalo pongodina malinki. Ngati mwalephera, Googlebot nayo ivutika. Ngati mwafika mutadina kambirimbiri, ndiye kuti mwalikwirira pansi kwambiri, ndipo Google iliona ngati losafunika kwenikweni kwa inuyo eni ake. Tsamba la mitengo, la katundu ndi la njira yofikira likhale pa menyu kapena litchulidwe pa tsamba loyamba penipeni.

Chachiwiri, si chilichonse chodinika chomwe chili linki m'maso mwa Google. Iyo imatsatira linki yomwe m'zolembedwa za kuseri kwa tsamba yalembedwa ndi mawu akuti "a href", yokhala ndi adiresi yeniyeni mkati. Googlebot sidina mabatani, silemba mawu m'bokosi lofufuzira, ndipo sisankha boma pa kamndandanda kotsika. Tiyerekeze kuti bungwe lili ndi malipoti a midzi ya kwa Makhuwira, kwa Lundu ndi kwa Mlolo, koma kuti muwaone muyenera kusankha dera kenako kudina "Onetsani". Munthu awaona, Googlebot siwaona. Pamafunika tsamba wamba lokhala ndi mndandanda wa malipotiwo, lililonse ndi linki yake. Kuyesa kwake n'kosavuta. Pa kompyuta, ikani mausi pamwamba pa linki osadina, ndipo muyang'ane pansi kumanzere kwa sikirini. Pakaoneka adiresi yonse, zili bwino. Pakapanda kuoneka kanthu, kapena pakangooneka chizindikiro cha # chokha, funsani amene anakonza.

Chachitatu ndi mawebusaiti otchipa omwe kwenikweni ndi tsamba limodzi lalitali. Mukadina "Zipinda" limangotsetsereka pansi, adiresi n'kukhala dzinalanu.mw/#zipinda. Chilichonse chobwera pambuyo pa # Google sichitenga ngati tsamba lapadera. Pamenepa palibe masamba amkati oti alowe m'kaundula, ndiye pamafunika kuwapanga kaye.

Pali vuto linanso lobisika. M'mutu wa tsamba mumakhala kamzere ka rel="canonical", kamene makampani ofufuzira anayamba kukagwiritsa ntchito mu 2009, kouza Google adiresi yeniyeni ya tsambalo. Wokonza akalakwitsa, masamba onse amalozera ku tsamba loyamba, ndipo Google imamva kuti onsewo ndi makope a loyambalo. Tsamba lililonse lizilozera kwa ilo lokha.

Akuti ndipange sitemap. Ndi chiyani, nanga ikwanira?

Ndi fayilo yokhala ndi mndandanda wa maadiresi a masamba anu. Google inayambitsa njirayi mu 2005, ndipo mu 2006 Yahoo ndi Microsoft anagwirizana nayo. Fayilo imodzi imatha kunyamula maadiresi 50,000, ndiye kwa ife kuno imodzi ndi yokwana ndi kutsalako.

Mwina muli nayo kale. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, kuyambira mtundu wa 5.5 wa mu 2020, imapanga yokha pa dzinalanu.mw/wp-sitemap.xml. Ngati munaika Yoast, pulagini (kapulogalamu kowonjezera) ya WordPress, ili pa /sitemap_index.xml. Ya webusaiti yopangidwa pa Blogger ili pa /sitemap.xml. Itseguleni muone ngati masamba anu alimo, kenako mutumize adiresi yake mu Search Console pa gawo la Sitemaps. Kutumiza kamodzi n'kokwanira.

Muikemo masamba okhawo omwe mukufuna aoneke, osati omwe munafufuta kapena osamutsidwa. Mizere ya mu sitemap ya priority (kufunika kwa tsamba) ndi changefreq (kuti limasintha kangati) musataye nayo nthawi, Google siziwerengera. Tsiku la lastmod, lomwe tsamba linasinthidwa komaliza, imaligwiritsa ntchito ngati mumanena zoona, ndiye musamasinthe tsiku pomwe simunasinthe zolembedwa.

Koma kukwanira sikwanira ayi. Sitemap imangouza Google kuti adiresi ilipo. Tsamba lomwe lili mu sitemap koma palibe tsamba lina lolitchula limakhalabe lamasiye, ndipo nthawi zambiri limakhala pamzere mpaka kalekale.

Ndingakhale kuti ndikuitsekereza ndekha Google osadziwa?

Zimachitika kwambiri, ndipo kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa. Okonza mawebusaiti amatseka pomwe akumanga, n'kuiwala kutsegula popereka ntchito.

Mu WordPress pitani pa Settings, kenako Reading. Pansi pali kabokosi kolembedwa kuti "Discourage search engines from indexing this site". Ngati kali ndi chizindikiro, chichotseni n'kusunga. Kenako tsegulani tsamba losowalo pa kompyuta, dinani Ctrl ndi U kuti muone zolembedwa za kuseri, dinani Ctrl ndi F, lembani noindex. Mawu amenewa akapezeka pa mzere wa robots, ndiye kuti tsambalo likupempha lokha kuti lisasungidwe. Mapulagini ena amalola kuika noindex pa gulu lonse la masamba, monga onse a katundu, tsamba loyamba n'kutsala lotseguka.

Onaninso dzinalanu.mw/robots.txt. Kafayilo aka ndi kakale, kanayamba mu 1994 ndi Martijn Koster, ndipo kamauza mapulogalamu oyendera komwe asalowe. Mzere wakuti Disallow: / wokhala pansi pa User-agent: * umatseka webusaiti yonse. Wakuti Disallow: /katundu/ umatseka masamba onse a m'chigawo chimenecho. Ziwirizi zimasiyana ntchito: robots.txt imaletsa kuwerenga, noindex imaletsa kusunga. Mukafuna kuti tsamba lichoke pa Google, liikeni noindex koma mulisiye lotseguka, chifukwa Googlebot ikaletsedwa kulowa siona n'komwe kuti munalemba noindex.

Search Console ikuti "Discovered - currently not indexed", pena "Crawled - currently not indexed". Zikusiyana bwanji?

Loyambalo likutanthauza kuti Google yamva za adiresi koma sinabwere. Mwina ikuona kuti seva yanu ndi yofooka ndipo sikufuna kuilemetsa, mwina sinaone chifukwa chofulumirira. Thandizo lake ndi malinki ochokera ku masamba omwe analowa kale, seva yoyankha msanga, ndi kudekha.

Lachiwirilo ndi lowawa. Google yabwera, yawerenga, ndipo yaona kuti pakadali pano sisunga. Apa palibe batani lokonzera. Tsambalo muliwerenge ngati si lanu. Kodi likunena chiyani chomwe sichipezeka pena?

Tengani chitsanzo cha malo ogona alendo okhala ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi tsamba lake, koma mawu ndi omwewo: chipinda chabwino, chaukhondo, takulandirani. Chasintha ndi nambala yokha. Google isankhapo limodzi kapena isiya onse. Ndi bwino kuphatikiza n'kukhala tsamba limodzi lonena zenizeni: chipinda chiti chili ndi fani, chiti chili ndi makina oziziritsa mpweya, zomwe kuno mu Okutobala ndi Novembala mlendo amafunsa asanafunse mtengo, magetsi akazima pali jenereta kapena sola, maneti a udzudzu alipo, kukafika pa geti la Majete ndi ulendo wotalika bwanji.

Chimodzimodzi gulu la alimi a mpunga a ku Nkhate kapena ku Muona. Tsamba lolembedwa kuti "timagulitsa mpunga wabwino pa mtengo wabwino" lilibe chosungira. Nenani mtundu wa mpunga, mwezi wokolola, ngati ndi wopuntha kapena wosapuntha, kulemera kwa thumba, pokatengera, ndiponso momwe msewu wa East Bank kuchokera pa Thabwa umakhalira mvula ikagwa, kuti wobwera ndi lole adziwiretu. Zinthu zimenezi mumazidziwa inuyo, wa ku Blantyre sangazilembe, ndipo n'zimene zimachititsa tsamba kukhala lake lokha. Ambiri timakopera mawu a mawebusaiti akunja poganiza kuti ndiye apamwamba, chikhalirecho Google inawaona kale kambirimbiri.

Pewaninso kupanga masamba ambiri ongosintha dzina la malo, monga "malo ogona Nchalo", "malo ogona Ngabu", "malo ogona Bangula", pomwe malo anu ndi amodzi. Malamulo a Google amatenga zimenezi ngati chinyengo. Ngakhale dzina la boma, lomwe ena amalemba Chikwawa ena Chikhwawa, silifuna masamba awiri.

Ndizidina Request indexing tsiku lililonse?

Ayi. Batani limeneli, la mu URL Inspection lopempha Google kuti isunge tsamba, lidineni kamodzi tsamba likakhala latsopano kapena mukalikonza kwambiri. Pali malire a kuchuluka kwa zopempha pa tsiku, ndipo Google inanena yokha kuti kubwereza sikufulumizitsa kanthu.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Kuyambira masiku angapo mpaka milungu ingapo. Webusaiti yatsopano yomwe palibe wina akuitchula imachedwerapo. Google silonjeza kuti isunga masamba onse, ndipo si vuto ngati masamba ongosonkhanitsa nkhani potengera mutu (ma tag) kapena mwezi atsala kunja. Muzida nkhawa ndi okhawo omwe mukufuna kuti munthu afikirepo.

Mitengo timaika pa chithunzi chomwe timatumizanso pa WhatsApp. Pali vuto?

Lilipo, lalikulu. Kwa inu tsambalo ndi lodzaza, koma kwa Googlebot ndi tsamba lokhala ndi mutu ndi chithunzi chimodzi basi. Nthawi zina Search Console imalitcha "Soft 404", kutanthauza kuti likuoneka ngati lopanda kanthu. Chithunzicho chisiyeni, koma pansi pake lembani zomwezo ndi mawu enieni oti munthu atha kuwakopera. Mukhala mwathandizanso wowerenga wa ku Marka kapena ku Chapananga amene netiweki ikumuvuta ndipo bandulo yatsala pang'ono, chifukwa mawu amatseguka chithunzi chisanabwere.

Mafayilo a PDF Google imawasunga ngati muli mawu otayipa. Lipoti lomwe munalisindikiza, n'kulidinda, n'kulijambula ndi foni ndi chithunzi chabe ngakhale lili mu PDF, ndiye musadalire kuti liwerengedwa bwino. Lipangireni tsamba lake lofotokoza mwachidule zomwe zilimo, linki ya PDF ikhale pansi. Zomwe mumatumiza m'magulu a WhatsApp sizilowa m'kaundula, ngakhale zitafika kwa anthu ochuluka bwanji.

Tilembe m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chingerezi?

Lembani m'chinenero cha munthu amene mukufuna akupezeni. Google siikana tsamba chifukwa chakuti lili m'Chichewa kapena m'Chisena, ndipo chinenero imachizindikira poona mawu ooneka pa tsambalo. Mlendo wodzaona nyama ku Lengwe afufuza m'Chingerezi. Mlimi wofuna kudziwa za mbozi za thonje kapena tsiku la msika wa ng'ombe afufuza momwe amayankhulira, ndipo masamba omuyankha alipo ochepa kwambiri, choncho lanu lili ndi mwayi.

Mukafuna zinenero ziwiri, chilichonse chikhale ndi adiresi yake, monga /ny/ pa Chichewa ndi /en/ pa Chingerezi, ndipo awiriwo azilozerana. Kabatani komasulira tsamba pompopompo, adiresi osasintha, sikapanga tsamba latsopano loti lisungidwe.

Magetsi akazima kuno kapena netiweki ikagwa, Google ichotsa masamba anga?

Ayi. Webusaiti yanu sikhala m'laputopu yanu, imakhala pa seva ya kampani yomwe mumalipira, nthawi zambiri kunja kwa dziko. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunanyanya, koma seva yokhala ku Johannesburg kapena ku Ulaya zimenezo sizinaikhudze.

Chomwe chimagwetsa masamba ndi seva yeniyeniyo ikasiya kuyankha kwa masiku ambiri, kapena ndalama ya chaka ikapanda kulipidwa. Kulipira m'madola kumavuta, ndiye lembani pakalendala tsiku lothera la seva ndi la dzina la webusaiti, muyambe kukonzekera mwezi usanakwane. Mayina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi SDNP, ndipo nawonso amafuna kuwonjezera nthawi. Ngati mukutseka webusaiti kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti mukonze, uzani wokonzayo kuti seva iziyankha ndi nambala 503, yomwe imauza Google kuti ibwerenso. Isayankhe 404, yomwe imatanthauza kuti tsamba kulibe.

Chinanso: ena poopa akuba a pa intaneti amatseka alendo onse ochokera kunja kwa Malawi. Googlebot nthawi zambiri imabwera ndi maadiresi a ku America, ndiye imatsekeredwa limodzi.

Pa kompyuta zonse zikuoneka, pa foni zina zimabisika. Zili ndi kanthu?

Zili nako. Mu 2023 Google inalengeza kuti yamaliza kusamukira ku njira yowerenga masamba momwe amaonekera pa foni. Ngati menyu ya pa foni ilibe malinki ena omwe ali pa kompyuta, kapena ndime zina zinachotsedwa kuti tsamba lifupike, zomwe zachotsedwazo Google ikhoza kusaziona. Zopindidwa pansi pa kamutu koti munthu atsegule zilibe vuto, bola zikhale kuti zili m'tsambamo kale. Kuno pafupifupi aliyense amalowa pa intaneti ndi foni, ndiye yeserani pa foni yotchipa ya m'nyumba mwanu momwemo.

Wina akuti ndimupatse ndalama, masamba onse alowa mawa. Ndivomere?

Musavomere. Google silandira ndalama kuti isunge tsamba, ndipo kulipira malonda a Google Ads sikusintha za kaundula. Munthu woona mtima akuuzani chomwe chalakwika, akuonetsani mu Search Console, n'kutchula mtengo wa kukonza chimenecho. Wolonjeza malinki mazanamazana ochokera ku mawebusaiti osadziwika akhoza kukuikani m'mavuto, chifukwa kugula malinki n'koletsedwa ndi malamulo a Google.

Malinki ochokera kunja amathandizadi, koma akhale enieni. Bungwe lomwe mumagwira nalo ntchito, nyuzipepala yomwe yalemba za inu, kampani yotenga alendo yomwe imagoneka anthu kwanu, apempheni kuti alozere ku tsamba lenileni la nkhaniyo. Ambiri amangoika ya tsamba loyamba, n'chifukwa chake loyambalo limanenepa amkati akuwonda.

Nanga Bing?

Bing, chofufuzira cha Microsoft, ili ndi Bing Webmaster Tools, yaulere, ndipo imalola kutenga webusaiti yomwe munatsimikizira kale mu Search Console. Mu 2021 Microsoft ndi Yandex, kampani inanso yofufuzira, anayambitsa IndexNow, njira yodziwitsa nthawi yomweyo tsamba likasintha. Imathandiza pa Bing, koma musayembekezere kuti ifulumizitsa za Google.

Tinasintha webusaiti, masamba omwe ankaoneka kale asowa. Tichite chiyani?

Mwachidziwikire maadiresi anasintha. Tsamba lomwe linali /mbuzi.html tsopano lili /ziweto/mbuzi/, ndipo Googlebot ikapita ku yakale ikupeza 404. Adiresi yakale iliyonse itumizidwe ku yatsopano yofanana nayo pogwiritsa ntchito 301, nambala yomwe seva imayankha pouza Google kuti tsamba lasamukiratu. Musatumize zonse ku tsamba loyamba, chifukwa Google imazitenga ngati masamba osowa. Mndandanda wa maadiresi akale muupeza mu Search Console pansi pa "Not found (404)". Onetsetsaninso kuti http ikupita ku https, ndipo pakati pa adiresi ya www ndi yopanda www mwasankhapo imodzi. Ma 301 amenewa asiyeni kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, ndipo malinki a m'menyu ndi a mu sitemap alozere ku maadiresi atsopano mwachindunji.